Kanthu Kakuda Kamene Kanagwa pa Njinga ya Amalume

Anthu a mumsewu wathu kuno ku Mabvuku amanditchula kuti a Sing'anga. Sindinakumbepo muzu ngakhale umodzi, ndipo magazi ndimawaopa. Dzinali ndinalitola m'mawa umodzi wokha, ndipo m'mawa womwewo ndinataya ntchito imene ndinali ndisanaiyambe n'komwe. Poti ena akuikamba nkhaniyi mothira mchere (ena akuti ndinavina, sindinavine), ndaona kuti ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Ndinali nditangofika kumene kuchokera kumudzi kwathu ku Dedza. Amalume anga, achimwene awo a mayi, anabwera ku Harare ine ndisanabadwe. Ndi amene anatumiza uthenga kuti m'malo mongokhala sukulu itatha, ndibwere adzandiyesere mwayi. Ponditsanzika pa basi mayi sanachulutse mawu. Anati kwa eni sudikira kutumidwa, ndiponso suchulutsa mafunso. Malangizo awiriwa ndinawasunga bwino kwambiri. Ndi amene anandipweteka.

Amalume amagwira ntchito pa depoti ina ku Workington, kudera la mafakitale. Ntchito yawo ndi yoperekera tizitsulo ta makina kwa amene aitanitsa, ena m'tauni, ena m'mapulazi kunja kwa mzinda. Ndiye njinga yawo yamoto si zing'onozing'ono zija za akabaza akwathu ayi. Ndi yaitali, ya matayala a manomano, yoyenda pa tala ndi m'matope momwe, moti ine ndikakwera mapazi amalendewera ngati a mwana pa benchi la m'tchalitchi. Ndi yawoyawo, anaigula itatopa kale, ndipo akazi awo amati chikondi chimene njingayo imalandira chikanamabwera kwa iwo, bwenzi atanenepa.

Akazi awowo ine ndimawatchula amayi. Anabadwira ku Mbare, konkuno ku Harare, amasoka zovala pakhonde, ndipo Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chishona. Ine amanditcha muzukuru, ndiko kuti mphwa kapena mdzukulu m'Chishona. Chinanso chimene muyenera kudziwa n'chakuti amalume ndi mkulu wa mpingo, ndipo akaima kutsogolo, nkhani imene imawatenthetsa magazi ndi ya zithumwa. Lamlungu loyamba nditafika anaidzudzula mpaka kolala inanyowa.

Madzulo ena anabwera nkhope ili yowala. Anati kapitawo wa pa depoti akufuna mnyamata wosesa ndi kunyamula katundu, ndipo wawauza kuti apite nane m'mawa mwake ntchito isanayambe.

"Koma pa geti pamakhala anyamata ambiri odikira," anatero. "Tikachedwa angoloza wina. Munthu uja sadikira, mphwanga."

Kunja kusanayere bwino ndinali nditadzuka kale. Malaya ndinasita, nsapato ndinapukuta, bwalo ndinasesa ndi pamene ndinali nditasesa kale. Mtima sunkakhazikika ndipo manja ankafuna chogwira. Kenako maso anagwera pa njinga, ili pambali pa nyumba, matope a ku mapulazi ataumirapo mpaka sinkadziwika mtundu wake. Ndinadzifunsa kuti munthu akundichitira chifundo chotere, akafike kwa akapitawo pa njinga yauve ine ndilipo? Kwa eni sudikira kutumidwa.

Kuno madzi si oseweretsa. Mpopi umatulutsa mphepo yokha, ndipo madzi timakatunga ku mjigo, pamzere woti ukapita wosadya umabwerako ukuona nyenyezi. A mumgolo sindinawakhudze. Ndinatenga a m'beseni, amene amayi anatsukuluzira zovala dzulo lake, a thovu la sopo pang'ono. Ndinayamba ndi thanki, kenako mpando, kenako masipoko, limodzi limodzi. Kusukulu aphunzitsi ankanditama kuti ndimasesa ndi m'makona momwe, ndipo tsikulo ndinafuna kuti amalume aone okha.

Pansi pa injini chakumanzere, pafupi ndi mwendo uja woimikira njinga, panali chibuma cha matope chouma ngati njerwa. Ndinachinyowetsa, ndinachikolokosa ndi kamtengo, ndiye ndinakulungapo chiguduli n'kukoka. Chibuma chinachoka. Koma kanthu kena kanatsomphoka nacho limodzi n'kugwera m'beseni, thibu.

Ndinakavuula. Kukula kwake ngati chala chachikulu cha kudzanja. Kakuda, kokulungidwa ndi mphira, kozengedwa mwaluso ndi ulusi wofiira, ndipo kumapeto kwake kunatuluka timinga tiwiri tonyezimira ngati singano.

Inu amene munakulira m'tauni mwina mukanangokaponya m'bini. Ine ndinadziwa pompo. Kwathu akabaza ambiri amakhala ndi kanthu kotere pansi pa chishalo, koteteza ku ngozi ndi kwa anthu a maso oipa. Aliyense amadziwa kuti kalipo ndipo palibe amene amakatchula. Ndinkadziwanso chinthu china chimene mwana aliyense wa kumudzi amachidziwa, kuti chithumwa chikakhudza sopo chimasukuluka. Ndipo ine ndinali nditachisambitsa.

Mkulu wa mpingo. Wa kolala yonyowa uja. Sindinawaweruze, musandimve molakwa. Ndinali nditaona kale mmene makombi, maminibasi a kuno, amayendera mumzinda uno, ndipo ndinaganiza kuti munthu wa matayala awiri akhoza kufuna pemphero ndi chinachakenso chowonjezera. Koma chinali chinsinsi chawo, chimene anachibisa m'matope zaka zonsezi, ndipo ine mlendo wa dzulodzulo ndachifukula. Chitseko chinalira. Ndinakaponya m'thumba la thalauza kadakali konyowa.

Amalume ataona njinga anaima. Anaizungulira manja ali kumbuyo.

"Amayi, tatulukani mudzaone. Mwanayu analeredwa."

Amayi anatuluka, anayang'ana njinga, kenako beseni. "Madzi anga a kuchimbudzi aja ndi amenewa?"

"Asiyeni madzi. Taonani masipoko."

Anandipatsa chisoti chakale chonunkha mafuta, anatembenuza kiyi, kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo injini inalira nthawi yomweyo. Ndinapuma. Ndinati kani sopo uja anali wochepa. Ndinakwera kumbuyo, ndinagwira jekete lawo mwaulemu ndi zala ziwiri. Amalume anakweza mwendo woimikira uja, anafinya kilatchi, anaponda giya. Khotcho. Injini zii.

Anabweza giya, analizanso. Inalira mokoma ngati palibe chachitika. Anaponda giya. Zii.

Anayesanso, n'kuyesanso. Ikakhala pa nyutulo, kanyali kobiriwira katayaka, inkabangula mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Akangoti tiyeni tizipita, inkafa ngati wina waitseka pakamwa.

"Ikukana ulendo iyi," anatero amayi ali pakhonde.

Ankanena mongocheza. Koma ine ndinazitenga zenizeni. Njinga yowonongeka siilira n'komwe, izi ndinkazidziwa ngakhale ine. Koma yoti ikulira bwinobwino n'kumangokana kutuluka pa geti? Imeneyo yadziwa kuti yavulidwa.

Amalume anatsika n'kuyamba kufufuza. Anatsegula thanki, anaigwedeza njinga, petulo anamveka kuti alimo. Anayang'ana kampopi ka petulo, kanali kotsegula. Anadina uku ndi uku kabatani kofiira kozimitsira ka pa chiwongolero. Palibe chinasintha. Ine ndinaima pambali chisoti chili kumutu, dzanja lili pa thumba, ngati munthu wogwidwa ndi chikanga cha m'ntchafu.

Apa m'pamene mutu wa a Mwale unatulukira pamwamba pa mpanda. A Mwale ndi aneba athu, makolo awo anachokera ku Kasungu. Anapuma pa ntchito yoyendetsa malole, ndipo chiyambire kupuma amakonza chilichonse chimene mwini wake sanawapemphe. Ndi mkulu wa mpingonso, mpingo womwewo, ndipo iwo ndi amalume amakondana mwa njira ija ya atambala awiri a khola limodzi.

"Mangwanani, abale. Hatchi yatani lero?" anatero, atayamba ndi moni wa m'mawa wa Chishona.

"Ikuzima ndikaika giya."

"Mwaitsuka?" Anayang'ana ine. "Basi. Madzi alowa mu pulagi. Musavutike, ndabwera."

Sindinayambe ndafunapo kulakwa ngati mmene ndinafunira nthawi imeneyo kuti vuto likhale madzi. Madzi ndi mlandu waung'ono. Madzi amauma.

A Mwale anazungulira n'kulowa, mswachi udakali m'thumba la malaya. Anamasula pulagi, anaiuzira, anaipukuta ndi mpango wawo, anaiyang'anitsitsa padzuwa ngati akugula dzira. Kenako anaibwezera pa chingwe chake n'kundipatsa.

"Gwira apa, mnyamata, uigunditse pa chitsulo cha injini. Tione ngati moto ulipo."

Sananene kuti ndigwire pa mphira. Ine sindinafunse (suchulutsa mafunso). Ndinagwira pa chitsulo penipeni, ndi zala zonyowa, mosamala kwambiri kuti isagwe. Amalume anadina batani.

Moto unalipo. Ndikuchitira umboni. Unalowera m'zala, unadutsa m'chigongono, unakagogoda mano a kumbuyo. Ndinalumpha, chisoti chinagwera kumaso, ndipo ndikukumbukira kuti ndinanena kuti "pepani", kaya kwa ndani.

"Mwaona?" anatero a Mwale mokhutira. "Moto wabuluu. Pulagi ilibe mlandu."

Anaibwezera. Injini inalira. Giya, khotcho, zii.

Dzuwa linali litayamba kukwera. Mumsewu ana a sukulu ankadutsa, ndipo kuchokera ku siteji ankamveka anyamata a makombi akuitanira a m'tauni. Ine m'mutu ndinkangoona geti la ku Workington, limene ndinali ndisanalionepo, ndi chala cha akapitawo chikuyendayenda pa anyamata.

"Bwanji mungokwera kombi?" anatero amayi. "Mwanayu ataya ntchito mukusewera ndi chitsulo."

"Ndikafike ku depoti wopanda njinga? Katundu ndikamusenza pamutu? Ndiponso mzere wa makombi nthawi ino mwauona? Iyi ikangolira tidutsa onsewo."

Anachotsa mpando n'kusuzumira fyuzi. Inali yamoyo. A Mwale anapala mitu ya batire ndi mpeni mpaka inawala. Awiriwo anayamba kutsutsana ngati batire yofooka ingalize injini koma n'kulephera kuiyendetsa, ndipo mkanganowo unafika mpaka pa lole ina imene a Mwale anaikonzapo ndi waya wa mpanda pa msewu wa ku Chirundu.

Ine ndinaona mpata. Mpando unali pansi, ndipo pamalo pake panali kachikwama ka zida. Ndinatulutsa kanthu kaja mwakachetechete, ndinakapukuta pa malaya, n'kukalowetsa pansi pa kachikwamako. Ndinaganiza kuti mwina sikanasukuluke konse, kangokwiya chifukwa kachoka pa njinga. Anabwezera mpando. Injini inalira. Ndinagwira mpweya.

Khotcho. Zii.

"Tiikankhe," anagamula a Mwale. "Chilichonse cha matayala chimalira ukachikankha."

Tinaitulutsa pa geti. Amalume anakwera, anaika giya yachiwiri, ine ndi a Mwale kumbuyo. A Mwale anakankha mpaka pa geti la aneba otsatira, kenako anakumbukira msana wawo n'kusanduka wolangiza. Ndinakankha ndekha. Msewu wathu ndi wa maenje okhaokha, ndipo njinga ija ndi yolemera ngati ng'ombe yokana dibi. Amalume akasiya kilatchi, tayala lakumbuyo linkakhukhuluzika, injini inkangoti bu-bu-bu, osagwira. Tinadutsa amayi a zidebe opita ku mjigo, ena anandilimbikitsa m'Chishona, ena anangoseka. Tinafika kumunsi kwa msewu. Kenako tinayenera kuikankha kubwerera kumtunda.

Pofika pa bwalo malaya anga ositidwa aja anali atamatirira pamsana.

Mudzandifunsa kuti bwanji sindinangonena. Ndinayesa. Ndinawayandikira n'kunena chapansipansi kuti, "Amalume, pali kanthu kena."

"Kanthu kanji?" anayankha a Mwale, amene makutu awo sanapume pa ntchito.

Ndinayang'ana a Mwale, ndinayang'ana amalume. Ndinaona Lamlungu likubwerali, a Mwale ataima kutsogolo kwa mpingo wonse kanthu kaja kali m'manja.

"Ayi, palibe. Ndimati mwina mukufuna madzi akumwa."

Anachotsanso mpando kuti aone mawaya, ndipo ine ndinakatenganso kanthu kaja asanakaone. Tsopano ndinali nditamvetsa, kapena ndinkaganiza choncho, kuti kayenera kubwerera pamalo pake penipeni. Zinthu zimenezi zili ndi malamulo ake. Ndinanamizira kumanga chingwe cha nsapato, ndinagwada kumanzere kwa njinga, n'kukapanikiza pa mpata wina pakati pa zitsulo, pamene panali chibuma paja. Ndiulule zonse poti ndayamba kale: ndinakanong'oneza. Ndinati, "Pepani, sindinadziwe. Tiloleni tipite."

A Mwale anali atapeza wolakwa watsopano. "Ndi kilatchi iyi. Sikulekanitsa bwino, ndiye giya ikalowa ikutsamwitsa injini. Lizani timve."

Amalume analiza. Njinga inanjenjemera mmene imachitira, ndipo kanthu kaja kanasunthira pang'onopang'ono, ine ndikuona, mpaka kanagwa pa simenti. Kanagubuduka n'kukaima poyera, pakati pa ine ndi nsapato za a Mwale.

Ndinakaponda.

"Thamanga ukatenge sipanala yaing'ono pawindo la kukhitchini," anatero amalume.

Ndinaima.

"Mphwanga, wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Nanga?"

Ndinayamba ulendo. Phazi lamanzere linapita patsogolo, lamanja linatsatira mokhwekhwereza, osanyamuka pansi. Lamanzere, kenako khwee. Lamanzere, khwee. Timinga tija tinkakanda simenti. (Apa m'pamene ena amati ndinavina.)

Amayi anasiya nsalu imene anali nayo. "Muzukuru, mwendo watani?"

"Palibe, amayi."

"Ndi shoko ija," anatero a Mwale. "Ndinaonapo zotere. Imayamba mwendo, kenako pakamwa pamapotoka. Mukhazikeni pansi."

"Mwamupha mwana wa eni ndi pulagi yanuyo," anatero amayi, akubwera ndi kampando. "Ndikawauza chiyani amake? Khala apa. Tukula phazi tione."

"Ndili bwino, amayi."

"Tukula."

Munthu wamkulu akakuuza kachiwiri, umatukula. Ndinatukula.

Kanthu kaja kanali gone pa simenti, kakuda, ulusi wofiira, timinga tiwiri tili m'mwamba. A Mwale anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuvula chipewa.

"Ichi n'chiyani pa nyumba ya mkulu wa mpingo?"

Ndinayang'ana amalume. Anali atakwinya nkhope, akukayang'anitsitsa, ndipo ine ndinawerenga nkhopeyo ngati ya munthu amene wagwidwa. Munthu amene anandiitana kuchoka kumudzi, amene anandipatsa bulangete lake. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"N'changa."

"Chako?" anatero amalume.

"Ndinabwera nacho kuchokera kumudzi. Amalume sakudziwapo kanthu."

Ndinkayembekezera kuti andiyang'ana mothokoza, mwakabisira. Anandiyang'ana ngati ndawathira madzi ozizira.

"Mwana wa mlongo wanga. M'nyumba mwanga."

"N'chifukwa chake hatchi ikukana," anatero a Mwale, mawu atasintha kukhala a pa guwa. "Kuwala ndi mdima sizikwera njinga imodzi. Musamukalipire, abale, ndi umbuli wa kumudzi. Bweretsani petulo pang'ono ndi machesi. Tichiotche pompano, tipemphere, muona ilira."

Amalume anatenga kabotolo n'kuwerama pa kampopi ka thanki. A Mwale anayamba kufunafuna nyimbo yoyenera. Ine ndinakhala pa kampando kaja, chisoti chidakali kumutu, ndikudabwa kuti amalume akutha bwanji kunamizira chonchi, mpaka kulolera kuotcha chinthu chawo chomwe.

Amayi ndi amene anawerama. Anakatola ndi zala, opanda mantha, n'kukatembenuza.

"Musachigwire ndi manja, mayi," anatero a Mwale.

"Ulusi wanga uwu."

"Mwati?"

"Ulusi wanga. Wa madiresi a kwaya aja. Ndinaufuna nyumba yonse, mpaka ndinakalipira ana a eni." Anatembenukira kwa amalume. "Bambo, si inu munabwera tsiku lina mukukankha njinga kuchokera ku mapulazi, n'kukhala pansi apa ndi chubu chakale ndi sizasi yanga?"

Amalume anaimirira pang'onopang'ono, kabotolo kali m'manja. Anakalandira kanthu kaja. Anakanda timinga tija ndi chikhadabo. Kenako anagwada kumanzere kwa njinga, anapisa dzanja kuseri kwa chitsulo, n'kutulutsa kachingwe kolendewera kokhala ndi kamutu ka pulasitiki ka mabowo awiri. Kanali koyera bwino. Ndinali nditakatsuka ndine.

Anafotokoza ali chogwada, ngati akudzikumbutsa okha. Njinga zimenezi zimakhala ndi kaswitchi pa mwendo woimikira. Ukaika giya mwendo uli pansi, kamadula moto wa ku pulagi, kuti usanyamuke mwendo uli chotambalala n'kukagwa pokhota. Kawo kanathyoka kalekale pa msewu wa miyala. M'malo mogula kena, anapinda kawaya, anakalowetsa m'mabowo awiriwo kuti moto uzingodutsa, n'kukakulunga ndi mphira ndi ulusi kuti madzi asalowe. Matope anakwirira, zaka zinapita, iwo anaiwala. Ine nditakazula, njinga inkangoganiza kuti mwendo wake udakali pansi.

Analowetsa timinga tija m'mabowo. Anakwera. Injini inalira. Khotcho. Inapitiriza kulira.

A Mwale anavala chipewa. "Ndimaganizira komweko," anatero.

Koma amalume sananyamuke. Anabweza giya n'kunditembenukira.

"Tadikira. Kanthuka kanachoka pa njinga yanga."

"Inde, amalume. Potsuka."

"Ndiye iwe unadziwa kuti si kako."

"Inde."

"Unkaganiza kuti n'chithumwa." Anaima kaye. "Changa."

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Ineyo. Ndiye unati n'chako kuti undibise kwa a Mwale."

Apa a Mwale anagwira mpanda. Anaseka mpaka kutsokomola, anapukuta misozi ndi mpango wa pulagi uja n'kudzipaka mwaye kumaso. Amayi anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Amalume okha sanaseke. Ankandiyang'ana ngati sakudziwa choti achite nane, kundimenya khofi kapena kundigulira fanta.

"Kwera," anatero.

Tinauluka. Makombi tinawadutsadi, ena kumanja, ena kumanzere, ena kaya pati chifukwa ndinatseka maso. Jekete lawo ndinaligwira ndi manja onse, ulemu nditauiwala.

Titafika ku Workington geti linali lotsegula kale, malole akutuluka. Pabwalo la depoti mnyamata wina wamtali ankasesa, atavala ovolosi yatsopano yomufupikira miyendo. Ankasesa mothamanga, m'makona osafikamo. Akapitawo anatuluka ndi kapu ya tiyi.

"Ndinakuuzani, sekuru," anatero kwa amalume, powatchula mwaulemu m'Chishona. "Ndadikira, ndadikira."

"Njinga inavuta," anatero amalume. Sanawonjezere liwu lina, ndipo pa chimenecho ndidzawathokoza mpaka kale.

Akapitawo anandiyang'ana, malaya amatope, chisoti chopendekeka. Anati wina akadzachoka adzatiuza.

Tsiku lonselo ndinayenda ndi amalume, nditakumbatira katoni ya zitsulo kumbuyo. Nkhani ija anadzaitchula madzulo, tikuima pa maloboti ena pobwerera. Analankhula osatembenuka.

"Safunsa anadya phula, mphwanga. Koma iwe wadya ndi njuchi zomwe."

Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Komabe wina akanangonditaya kwa a Mwale." Maloboti anasintha, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Kwa a Mwale sinathe. Pofika Lamlungu mpingo wonse unali utamva, ndipo pa mzere wa ku mjigo amayi ena amandifunsabe ngati ndili ndi mankhwala oitanira madzi mumpopi. Wa ovolosi uja sanachoke. Ine ndikudikirabe, ndikutunga madzi ndi kuthandiza amayi kusita zosoka. Amalume anandilamula kuti chilichonse chimene sindikuchimvetsa pa nyumba pano ndizifunsa, ngakhale chioneke chochititsa manyazi bwanji, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse. Njinga ndimaitsukabe Loweruka lililonse. Mayina a mawaya ambiri tsopano ndimawadziwa.

Loweruka lapitali ndinachotsa mpando kuti ndipukute fumbi la pansi pake. Kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa thanki kumene dzanja la amalume silifika, ndinakhudza kanthu. Ndinasuzumira. Kakang'ono, ka nsalu yakuda, kosokedwa bwino mbali zonse ndi ulusi wofiira, komangiriridwa ku chitsulo. Ndinakazungulira ndi chala kufuna waya. Ndinafuna kumanzere, ndinafuna kumanja. Kalibe waya.

Makina osokera pakhonde anali atasiya kulira. Nditadzutsa mutu ndinapeza amayi akundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Pamenepo usafikepo ndi sopo, muzukuru," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Ndinabwezera mpando. Sindinafunse.